Ndinamutseka Pakamwa Mkazi Wanga pa Khonde

Ine ndine munthu waukali, ndipo sindikubisirani. Kuno kwa Mponda aliyense amene anabweretsapo injini ya boti kuti ndimukonzere amadziwa kuti ukandiyankha zopanda mutu, sipanala imatha kuuluka. Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo, mpaka ukali womwewo unadya sukulu ya mwana wanga. Sindinabe kanthu, sindinamenye munthu. Ndinangomutseka pakamwa mkazi wanga pamene ankafuna kunena zoona kwa munthu wa inshuwalansi. Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene mumakonda kuyankhira akazi anu, ndimvereni mpaka ndimalize.

Mkazi wanga, amake Patuma, anali munthu wa geni. Ankanyamula usipa wouma kupita nawo ku Chiponde, pobwera n'kutenga zitenje za ku Mozambiki zodzagulitsa kuno. Sukulu analekera ku pulayimale. Ine ndinafika Fomu 4, ngakhale mayeso sanandiyendere bwino, ndipo m'nyumba mwathu Chingerezi chonse chinali changa. Ndinkadzimva nacho kwambiri.

Atabereka mwana wathu womaliza, amake Patuma anatupa miyendo, kupuma kukuvuta. Anagonekedwa m'chipatala, ndipo madokotala anati mtima wake ndi wofooka, ayenera kumamwa mapiritsi moyo wake wonse. Mwezi uliwonse ankapita kukatenga. Nanunso mukudziwa mmene anthu alili m'makomomu. Mayi akamapita kuchipatala mwezi ndi mwezi n'kumabwerako ndi mapiritsi, pa mjigo amayamba kutsinana, kenako maso onse amatembenukira kwa mwamuna wake, kuti wabweretsa matenda m'nyumba. Ine sindinafune kuyang'anidwa choncho. Ndinakhazikitsa lamulo loti nkhani ya mapiritsi isatuluke pakhomo pano. Mkazi wanga ankawabisa pansi pa zitenje m'beseni ngati katundu wakuba.

Mwana wathu woyamba, Patuma, anali wanzeru kusukulu ndipo kuyambira ali wamng'ono ankati adzakhala namwino. Mayi ake moyo wonse unali pamenepo. Tsiku lina anabwera kuchokera ku Chiponde ndi nkhani imene anamva kwa mnzake wa geni, kuti kuli makampani amene umapereka ndalama pang'onopang'ono mwezi uliwonse, ukamwalira iwo amapereka ndalama yambiri kwa munthu amene unamulemba.

"Abambo, mtima wangawu ndimaumva ndine," anatero. "Ndikufuna ndikadzapita, Patuma asadzanyamule dengu ngati ine."

Ndinamukalipira. Ndinati kumeneko ndi kuitana imfa, munthu wamoyo sakambirana mtengo wa maliro ake. Amake Patuma sankakangana, ankangodikira kuti ukali wanga uphwe, mawa n'kuyambiranso nkhani yomweyo ndi mawu ofatsa. Mapeto ake ndinatopa. Ndinati achite zimene akufuna, bola ndalama zizichokera ku geni yake.

Munthu wa kampaniyo anabwera masana ena pa njinga yamoto, atavala tayi dzuwa lonse la ku Mangochi lija. Atavula chipewa ndinamuzindikira. Anali Wyson, amene tinkakhala desiki imodzi ku sekondale. Iye anakhoza, ine ayi.

"Aaa, Injiniya wamkulu!" anafuula. "Fomu 4 yonse ija inathera m'girisi?"

"Bola ine ndimadya za manja anga," ndinamuyankha, "kusiyana ndi kuyenda m'makomo mwa anthu kugulitsa maliro utavala chingwe m'khosi."

Tinaseka tonse, kugwirana manja, koma ine mawu akewo anali atandipsetsa kale mtima. Tinakhala pa mipando pa khonde, mkazi wanga anayala mkeka pafupi ndi chitseko monga mayi amachitira pakabwera mlendo wamwamuna. Kuseri kwa mpanda, pafupi kwenikweni, amayi oyandikana nafe ankatembenuza usipa pa thandala.

Ndinene chilungamo, Wyson sanandinyenge. Asanayambe anati mafunso ena ndi a m'thupi, ndipo ndi bwino awafunse alamu ake paokha, mwina m'nyumba. Ine ndinamva ngati wandithira mbama. Mwamuna wanji amene amatsala panja, mkazi wake n'kulowa m'nyumba ndi mwamuna wina kukanong'onezana? Ndinamuuza kuti pano pali mwini khomo, afunse pompano ndipo ndiyankha ndine.

Anayamba ndi zosavuta, dzina, zaka, ntchito, amene adzalandire ndalamazo. Mkazi wanga anatchula yekha dzina la Patuma, akumwetulira. Kenako Wyson anafika pamene panali nkhani yonse. Kodi munagonekedwapo m'chipatala? Pali mankhwala amene mumamwa nthawi zonse? Dokotala anakuuzanipo za mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi?

Mkazi wanga anadzutsa mutu. "Ee achimwene, ine pajatu..."

Ndinaona manja a amayi aja ataima pa thandala. Ndinaona Wyson ndi tayi yake, mawa akuuza anzathu a kusukulu kuti mkazi wa Injiniya amamwa mapiritsi.

"Iwe! Ndikamayankhula ine nawenso umayankhula? Lemba ayi, Wyson. Munthu amene amasenza dengu la usipa mpaka ku malire angakhale wodwala?"

Wyson sanalembe msanga. Anayang'ana mkazi wanga. "Alamu, ndilembe kuti ayi?"

Mkazi wanga anandiyang'ana, kenako anayang'ana pa mkeka. "Monga anenera bambowo."

Anamufunsanso kachiwiri, yankho linali lomwelo. Ndiye anatichenjeza kuti kumunsi kwa fomuyo kuli mawu onena kuti zonse zimene talemba zikhale zoona, apo ayi kampani ili ndi mphamvu yothetsa panganolo. Ndinamulanda pepalalo n'kuwerenga ndime imeneyo mokweza m'Chingerezi, kuti iye ndi amayi a kuseri kwa mpanda amve kuti girisi sanandiiwalitse sukulu. Inu owerenga, liwu lililonse ndinalimva tanthauzo lake. Sindingadzinamize kuti sindinadziwe. Nditamaliza ndinatenga cholembera n'kumupatsa mkazi wanga, ndipo analemba dzina lake pang'onopang'ono ndi zilembo zake zokhotakhota zija.

Njinga ya Wyson isanazimirike n'komwe, mkazi wanga anati, "Abambo, tanamatu."

"Adziwa ndani?" ndinamuyankha, n'kubwerera ku mainjini anga.

Nkhaniyo sinamuchoke mumtima. Akabwera kolipira ankaiyambitsa. Tipite tikawauze anthu aja zoona. Mwina angotiwonjezera ndalama pang'ono. Ine ndinkamuuza kuti asandisokose. Mwezi wa Ramadhani utafika anainenanso madzulo tikumasula kusala kudya, kuti sakupeza mtendere kufunga masana onse chonsecho pa pepala la anthu pali bodza limene anasainira yekha. Ndinaponya kapu pansi, tiyi kumwazika, ana kuthawira panja. M'mawa mwake ndinachita manyazi, koma m'malo mopita kukakonza, ndinachita chinthu chimene chimandiwawa kuposa zonse. Ndinapita pa boma kukagula zipangizo za injini, pobwera ndinamuuza kuti ndakumana ndi Wyson, ndamufotokozera za mtima, wakonza zonse ku ofesi, nkhani yatha.

Mukanaona nkhope yake. Anagwada pansi n'kundithokoza. Tsiku limenelo anandiphikira mpunga wa nazi ndi chambo ngati kuti ndi pa Idi. Ndinadya, inu owerenga. Ndinadya mpaka kunyambita zala.

Kuyambira pamenepo ankalipira ndi mtima woyera. Sanaphonye mwezi ngakhale umodzi. Nthawi ya mvula usipa ukakana kuuma, ankagulitsa zitenje zake zovala. Nthawi zina ankayenda wapansi kuchokera pa depoti mpaka kuno ndi miyendo yotupayo, kuti ndalama ya kabaza ipite ku inshuwalansi. Ine ndinkaona zonsezi. Ndinkati m'mtima, adzakhala zaka zambiri, pepala lija lidzaiwalika.

Sanakhale zaka zambiri. Chaka chachiwiri chisanathe anagwa pa msika ku Chiponde, anzake a geni n'kumukweza galimoto mpaka kuchipatala. Anagona masiku ochepa. Nthawi imeneyo Patuma anali atangomva kuti wapatsidwa malo ku sukulu ya unamwino, ya tchalitchi, yolipira. Tsiku lomaliza mayi ake anamuitana pafupi ndi bedi, ine ndili chiimire kumiyendo.

"Usadzalire za fizi, mwanawe. Bambo akowa anakonza zonse."

Kenako anatambasula dzanja kundigwira ine. "Zikomo, abambo."

Ndikanatha kunena pamenepo. Pakamwa panga, pamene sipatsekeka pa munthu aliyense, panauma gwaa. Anamwalira madzulo a tsiku lomwelo ndipo tinamuika mawa lake.

Itadutsa sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi chimwalirireni, ndinasonkhanitsa mapepala n'kupita ku ofesi ya kampaniyo. Anandilandira bwino, kundipepesa, n'kunena kuti popeza imfa yachitika pangano likadali laling'ono, ayenera kupempha lipoti kuchipatala. Ndinasainira kuti apemphe. Ndikanakana bwanji? Dokotala analemba zimene ankadziwa, kuti malemuyo anali wodwala mtima wa nthawi yaitali, ankalandira mankhwala mwezi ndi mwezi kuyambira kale pangano lisanayambe.

Atandiitananso ndinapeza mayi wina wachikulire ndithu, wa magalasi, atakhala kuseri kwa tebulo. Anandiuza kuti kampani yathetsa panganolo ndipo ndalama ya Patuma siperekedwa. Ndinamenya tebulo mpaka zolembera kudumpha. Ndinawatcha akuba, afiti odyera pa maliro, ndi mayina ena amene sindingalembe pano. Mlonda anasuzumira pakhomo, mayiyo n'kumukodola kuti abwerere. Anandisiya nditukwane mpaka mpweya unandithera.

Kenako anandifotokozera mofatsa, ngati mmene ankachitira mkazi wanga. Anati kampani siingaone m'thupi mwa munthu, imadalira zimene munthuyo wanena pa tsiku loyamba, ndipo pangano lonse limamangidwa pa mayankho amenewo. Sikuti cholakwika chilichonse chimathetsa pangano. Munthu akaiwala kuti anadwalapo malungo kapena chimfine, palibe mlandu. Koma akafunsidwa mwachindunji za chinthu chachikulu, chimene chikanasintha maganizo a kampani, iye n'kubisa akudziwa, lamulo limalola kampani kulitenga panganolo ngati kuti silinakhalepo. Ndalama zimene mkazi wanga anapereka anati andibwezera, koma zina zija ayi.

Ndinafunsa, mawu atatsika tsopano, kuti tikanati tinene zoona chikanachitika n'chiyani. Anati akanamutumiza kaye kwa dokotala. Mwina akanamulandira koma n'kumalipira zochulukirapo. Mwina akanamupatsa pangano la ndalama yocheperapo. Mwinanso akanamukana, koma akanadziwa tsiku lomwelo, n'kuika ndalama zake pena pamene zikanamuthandiza mwanayo. Ndi zomwe zija mkazi wanga ankandiuza, munthu wa pulayimale, ine ndikuponya makapu.

Nditatuluka ukali unafuna munthu wina woti umugwere. Ndinamusaka Wyson mpaka ndinamupeza akudya chipisi pafupi ndi depoti. Ndinamugwira pa tayi, anthu n'kuyamba kusonkhana. Ndinati iwe ndiwe unalemba, iwe ndiwe wapha tsogolo la mwana wanga.

Sanalimbane nane. Anangoti, "Injiniya, ndinawafunsa alamu kawiri. Ndime ija unawerenga wekha mokweza, mudzi wonse unamva. Ukanabwera ngakhale patapita chaka, tikanalembera ku ofesi. Bwanji sunabwere?"

Dzanja langa linamasuka lokha. Ndinachoka anthu akundiyang'ana.

Sindinagonje msanga. Ndinapita kwa munthu wina wodziwa malamulo, amene amathandiza anthu pa madandaulo otere. Anandiuza kuti zimachitika ndithu kampani n'kukana kulipira popanda chifukwa chomveka, ndipo zikatero munthu ali ndi kokadandaula. A kampani sangathetse pangano chifukwa choti munthu wadwala atalowa kale, kapena chifukwa choti wakalamba. Koma angathe ngati munthu wasiya kulipira mpaka nthawi yomudikira yadutsa, kapena ngati panali chinyengo polowa, monga kutumiza munthu wina kukayezetsa m'malo mwako, kapena kubisa matenda. Ndiye anandifunsa funso limodzi lokha. Pa tsikulo, inu ndi akazi anu munkadziwa za mtimawo? Ndinati inde. Anatseka faelo n'kundipepesa.

Chimene chinandimaliza ndinachimva pakhomo panga pomwe. Mayi wina mwa aja a pa thandala anabwera kudzabweza beseni la malemu. Pocheza anati akumusowa mnzawo, ankamuthandiza kusenzetsa dengu chifukwa cha mtima wake uja. Ndinadzidzimuka. Ndinamufunsa kuti za mtima anazidziwa bwanji.

"Iii bambo, nanga ndani sankadziwa? Munthu kumaima katatu pochokera ku mjigo, ife osaona? Anatiuza yekha kalekale. Anangotipempha kuti tisamatchule inu mulipo, poti mumapsa mtima."

Mwamva? Amayi amene ndinkawaopa aja ankadziwa, ndipo palibe amene ankandiloza chala. Ankamuthandiza mkazi wanga mwakachetechete, n'kumandibisira ine ngati mmene amabisira mpeni pakakhala mwana. Ndinagulitsa sukulu ya Patuma pofuna kubisa chinthu chimene mudzi wonse unkachidziwa.

Panatsala kumuuza mwanayo. Ndinazengereza, ndikumati mapepala akuchedwa. Iye anali atagula kale sutikesi yakale pa msika, tsiku lililonse ankaikamo kanthu, sopo, nsapato zoyera, chitenje chimodzi cha mayi ake. Loweruka lina ndinamupeza akusita pa khonde lomwe lija. Ndinakhala pa mkeka, osati pa mpando, ndipo ndinamuuza zonse. Za Wyson, za funso lija, za mmene ndinawakalipira mayi ake, za bodza la m'mwezi wa Ramadhani. Sindinasiyeko kanthu.

Anamvetsera simbi ili m'manja. Nditamaliza anaiika pansi bwinobwino.

"Ababa, amayi anapita akudziwa zimenezi?"

Ndinati ayi, anapita akukhulupirira kuti ndinakonza.

"Ndiye bola," anatero. "Bola anapita osadziwa."

Basi. Sanakuwe, sanandinyoze. Ndikanakonda akananditukwana, chifukwa zotukwana ndimazidziwa mayankhidwe ake. Anapinda malaya amene ankasita, analowa m'nyumba, ndipo ndinamva sutikesi ija ikukankhidwira pansi pa bedi.

Ndinayesa kuthamanga. Ndalama zimene kampani inabweza, kuphatikiza ndi injini yanga imodzi imene ndinagulitsa, sizinafike pa zimene sukuluyo inkafuna, ndipo panalinso mlongo wake wamng'ono woti adye ndi kuvala. Abale anandiuza kuti maliro anawadyera kale zambiri. Nthawi yolembetsa inadutsa, malo a Patuma anapatsidwa kwa wina. Panopa ndikugwira ntchito ngati wamisala, kuyambira kwa Mponda mpaka ku Chembe, kulikonse kumene injini yafa ndimapita, kuti mwina akadzayesanso ndidzakhale ndi poyambira. Sindikudziwa ngati zidzatheke. Sindimulonjezanso kanthu, chifukwa mawu anga m'nyumba muno anatha mtengo.

Inu owerenga, ngati mukulowa inshuwalansi ya moyo, nenani matenda anu onse amene akufunsani, ngakhale amene mumachita nawo manyazi. Ngati pali anthu akumvetsera, pemphani kuti mukakambire pena. Ngati munalemba kale zosaona, musadikire maliro, pitani lero mukawauze a kampaniyo, ndipo akulembereni kuti alandira zimene mwanenazo. Iwo sakufunsani zambiri pamene mukulipira. Amadzafufuza inu mutapita, pamene simungathenso kukonza kanthu, ndipo amene amakaima pa tebulo paja ndi mwana wanu.

Ndipo inu abambo, funso likapita kwa akazi anu, asiyeni ayankhe okha. Thupi ndi lawo, amalimva ndi iwo. Ulemu umene ndinkauteteza pa khonde paja sindikuuona pena paliponse lero.

M'mawa uliwonse wa tsiku la msika, Patuma amatulutsa dengu la mayi ake, lachigamba cha waya m'mbali. Amayi a pa thandala amabwera kudzamusenzetsa monga ankachitira ndi mayi ake. Amanditsanzika mwaulemu, "Ababa, ndapita," n'kulowera ku depoti kukakwera ya ku Chiponde. Ine ndimakhala pa khonde, sipanala ili m'manja, kumuyang'ana mpaka akhote. Mkazi wanga anapempha chinthu chimodzi chokha pa moyo wake wonse, kuti mwanayu asadzanyamule dengu limenelo. Ndinamusenzetsa ndine.